Mafunde a wailesi salemekeza malire, mpake mabungwe a amateur kugwirizana

MANGOCHI: Munthu wochokera m'dera la mfumu yaikulu Mponda akafuna kulowa m'dziko la Mozambique amaoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, nakwera zitunda za Chowe, kudutsa pa Namwera mpaka kukafika pa chipata cha Chiponde pomwe amayenera kuonetsa zikalata zake. Koma mawu omwe munthu yemweyo angaulutse ndi wailesi ya m'manja ali pamwamba pa zitundazo amafika ku Mandimba m'kuphethira kwa diso popanda wowafunsa chiphaso.

Kusalemekeza malire kwa mafunde a wailesiku ndi komwe kunachititsa kuti mabungwe a anthu ochita za wailesi mongodzipereka, omwe pa dziko lonse amadziwika kuti a amateur, azikhalirana pansi ndi kugwirizana za kagwiritsidwe ntchito ka mafunde a pamwamba a VHF, UHF ndi ena oposera apo. Nkhaniyi imamveka ngati ya akatswiri a ku Geneva okhaokha, koma boma la Mangochi, lomwe lili ndi nyanja, mapiri komanso malire ndi dziko lina, ndi amodzi mwa malo omwe ubwino wa mgwirizanowu, ngakhalenso kuipa kwa kusowa kwake, kungaonekere msanga.

Anthu a amateur si a nyumba zoulutsira mawu monga MBC, Radio Maria Malawi yomwe inayambira ku Mangochi mu 1999, kapena wailesi ya Dzimwe ya ku Monkey Bay. Malinga ndi malamulo a bungwe la maiko onse loona za mauthenga la International Telecommunication Union, ITU mwachidule, ntchito yawo ndi yodziphunzitsa, kulankhulana okhaokha komanso kufufuza za luso la wailesi popanda kufunapo phindu la ndalama. Saloledwa kutsatsa malonda kapena kutumiza mauthenga obisa tanthauzo, ndipo aliyense amayenera kuonetsa kuti akudziwa luso ndi malamulo asanaloledwe kuulutsa mawu. M'dziko muno ziphaso za wailesi zimaperekedwa ndi bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016.

Wolandira chiphaso amapatsidwa dzina la pa wailesi la zilembo ndi manambala, ndipo chiyambi cha dzinalo chimaulula dziko lake. A ku Malawi maina awo amayamba ndi 7Q, a ku Mozambique C9, a ku Zambia 9J, a ku Tanzania 5H, a ku Zimbabwe Z2, pomwe ambiri a ku South Africa amayamba ndi ZS. Dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964, masiteshoni a amateur a mu Nyasaland ankadziwika ndi ZD6.

Akuluakulu omwe anakula ndi wailesi za mabatire akukumbukira kusakasaka siteshoni pa 49 kapena 90 mita bandi. Manambalawo amanena kutalika kwa funde limodzi. Mafunde aatali chotero amakagunda thambo la kumwamba lotchedwa ionosphere n'kubwerera pansi kutali, n'chifukwa chake usiku munthu wa kwa Mponda ankatha kumva London kapena Johannesburg. Mafunde a pamwamba ndi aafupi: a mamita 6 pa 50 MHz, a mamita 2 kuyambira pa 144 kufika pa 146 MHz, a masentimita 70 kuyambira pa 430 kufika pa 440 MHz, a masentimita 23 kuyambira pa 1240 kufika pa 1300 MHz, n'kumakwera mpaka 10 GHz ndi kupitirira. Kawirikawiri amenewa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri limawatchinga, koma pomwe palibe chotchinga, monga pamwamba pa madzi a nyanja, amafika patali.

Poyamba ambiri ankaona ngati mafunde oterewa ndi nkhani ya pakhomo yosafunika kuitanira anansi. Zinadzaoneka kuti sizili choncho, ndipo ndi pa mafunde omwewa pomwe kugwirizana kukufunika kwambiri, kaamba koti ndi omwe akulimbiranidwa ndi makampani a lamya za m'manja, ndege, ma setilaiti ndi ena ambiri.

Udindo wogawa mafunde uli m'manja mwa maboma. Bungwe la ITU, lomwe linayamba mu 1865 ndipo likulu lake lili ku Geneva, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu. Malawi ali m'chigawo choyamba pamodzi ndi Africa yense, Ulaya, Russia ndi maiko a Aluya. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi zilizonse maiko amakumana pa msonkhano waukulu wa World Radiocommunication Conference kukaunikanso kagawidweka. Kuno kum'mwera kwa Africa mabungwe ofanana ndi MACRA ali ndi mgwirizano wawo wa CRASA womwe likulu lake lili ku Gaborone, ndipo maiko a mu Africa amakonzera pamodzi maganizo awo kudzera ku African Telecommunications Union ku Nairobi.

Komabe malamulo a ITU amalekera pa malire a munda. Amanena kuti kuyambira pa 144 kufika pa 146 MHz ndi pa amateur, koma sanena kuti wolankhula ndi pakamwa akhale pati, wotumiza zizindikiro za Morse akhale pati, kapena setilaiti ikhale pati. Asodzi a ku nyanja ya Malombe akhoza kuzimvetsa msanga izi. Boma limaika nyengo yotseka nyanja ndi kukula kwa maso a ukonde, koma kuyambira mu 1993 pomwe makomiti a m'madoko anayamba kukhazikitsidwa ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, zinadziwika kuti lamulo lokha silikwanira ngati eni ake ogwiritsa ntchito nyanja sakugwirizana. Pa nkhani ya wailesi, komiti ya padoko ndi bungwe la International Amateur Radio Union, IARU mwachidule.

Bungweli linakhazikitsidwa ku Paris pa 18 Epulo 1925, ndipo lili ndi mabungwe oposa 160, limodzi pa dziko lililonse. Nthambi yake ya chigawo choyamba inayamba mu 1950. Mwa mabungwe a m'maiko oyandikana ndi Malawi muli Radio Society of Zambia, Liga dos Radio Emissores de Moçambique, Tanzania Amateur Radio Club ndi Zimbabwe Amateur Radio Society, ndipo lalikulu kwambiri m'dera lino ndi South African Radio League lomwe nalonso linayamba mu 1925. Chigawochi chili ndi komiti yapadera yoona za mafunde a VHF, UHF ndi microwave, yomwe imasonkhanitsa mfundo zonse zogwirizanidwa m'buku lotchedwa VHF Handbook. Mfundo zikuluzikulu zimavomerezedwa pa msonkhano wa mabungwe onse womwe wakhala ukuchitika pa zaka zitatu zilizonse. Wa mu 2011 unachitikira ku Sun City m'dziko la South Africa, ndipo wa mu 2023 unachitikira ku Zlatibor m'dziko la Serbia.

Chofunika kudziwa n'chakuti ndondomeko ya IARU si lamulo. Palibe wapolisi woilondera. Imagwira ntchito chifukwa aliyense amaona kuti akaiphwanya, woyamba kuvutika ndi iye mwini.

Chitsanzo chomveka ndi bandi ya mamita 2. Kumunsi kwenikweni kwa bandiyi kunasiyidwira Morse ndi mauthenga ofooka kwambiri, kuphatikizapo a anthu omwe amalozetsa eriyo ku mwezi kuti mawu awo akagunde kumeneko n'kubwerera ku dziko lina. Pa 144.300 MHz ndi pomwe amakumanirana ofuna kulankhula kutali ndi njira ya SSB. Chigawo choyambira pa 144.400 ndi cha ma beacon, tinyumba ta wailesi tomwe timangolengeza dzina lake usana ndi usiku kuti omvera adziwe ngati mlengalenga mwatseguka njira. Pa 144.800 pamadutsa mauthenga a makina osonyeza pomwe pali galimoto kapena boti. Pa 145.500 ndi pabwalo poitanirana pa FM: munthu akamupeza mnzake, onse awiri amasamukira pambali kuti ena apeze mpata. Kuyambira pa 145.800 kufika pa 146 MHz ndi pa ma setilaiti, ndipo akatswiri okhala mu chombo cha International Space Station akamalankhula ndi ana asukulu a pansi pano amamveka pa 145.800 pomwepo.

Kugawanaku kuli ndi chifukwa chake. Uthenga wobwerera kuchokera ku mwezi umafika uli ngati kunong'ona. Munthu mmodzi wolankhula pa FM pamalo pomwepo, ngakhale ali kutsidya kwa malire, amaukwirira wonse. Pa setilaiti vuto limakula, pakuti makina ali m'mlengalenga amamva maiko ambiri nthawi imodzi. Wolakwitsa ali ku Mangochi akhoza kusokoneza wina ali ku Lusaka kapena ku Nampula yemwe sangadziwe n'komwe kochokera phokosolo. Wailesi zotsika mtengo za m'manja zomwe zadzaza m'misika ya maiko ambiri zimatha kuulutsa mawu pa mabandi amenewa, ndipo ogula ambiri sauzidwa kuti pakufunika chiphaso.

Nkhani imafika pakhomo penipeni ikakhudza ma repeater. Awa ndi makina omwe amaikidwa pamwamba pa phiri kuti azilandira mawu ofooka a wailesi ya m'manja ndi kuwabwereza mwamphamvu nthawi yomweyo. Pa mamita 2, ndondomeko ya chigawo choyamba imati repeater izilandira mawu pa malo otsika ndi 600 kHz kuchokera pomwe ikuulutsira, ndipo malo oulutsira ndi owerengeka, onse ali pakati pa 145.575 ndi 145.800 MHz. Wailesi ya m'manja yomwe pa tauni ya Mangochi singapitirire makilomita ochepa, ikadzera pa repeater ya pa phiri ikhoza kufika ku Makanjira, ku Monkey Bay ndi ku Liwonde.

Koma repeater yoikidwa pa mapiri a Namwera singasankhe mbali. Idzamveka ku Mandimba ndi madera ena a chigawo cha Niassa chimodzimodzi ndi kwa Mponda. Yoikidwa pa phiri la Zomba, lomwe nsonga yake ndi yoposa mamita 2,000, idzadutsa nyanja ya Chilwa n'kulowa mu Mozambique, ndipo ya pa phiri la Dedza idzamveka ku Angonia m'chigawo cha Tete. Ngati mbali ziwirizi zitasankha malo amodzi popanda kuuzana, makina awiriwo adzakhala akubwebwetana ndipo onse adzasanduka achabe. Zikagwirizana, makina omwewo akhoza kulumikizidwa kuti uthenga wochokera ku gombe la kum'mawa ufike ku Blantyre kapena ku Lichinga. Ku South Africa kuli ma repeater ambiri olumikizidwa chotere, ndipo kugawa malo ake ndi ntchito yomwe eni ake amaitenga mozama.

Nyanja nayo ili ndi zake. Mpweya wotentha ukakhala pamwamba pa mpweya wozizira wa pa madzi, mlengalenga mumapangika ngati mpaipi womwe umanyamula mafunde a VHF ndi UHF kupitirira muyeso wake wa masiku onse. Ndi nyengo ngati zimenezi pomwe omvera wailesi za FM m'mbali mwa nyanja amadabwa kumva siteshoni yachilendo italowerera pomwe anazolowera kumva ya kwawo. Nyumba zoulutsira mawu za FM zili ndi pangano lawo la maboma lomwe linakonzedwa ku Geneva mu 1984. A amateur alibe pangano lotere, amadalira kumvana kwa mabungwe awo.

Ngakhale kafotokozedwe ka malo kanafunika mgwirizano. Pa msonkhano wa oyang'anira za VHF womwe unachitikira ku Maidenhead m'dziko la England mu 1980, anagwirizana njira yogawa dziko lonse m'timabokosi ta zilembo ziwiri ndi manambala awiri. Mangochi ndi Monkey Bay zili m'bokosi la KH75, Lilongwe ili mu KH66, Lichinga mu KH76. Munthu wa ku Greece yemwe sanamvepo za Mponda akangomva KH75 amadziwa kolozetsa eriyo yake ndi mtunda womwe ulipo.

Kutchula Greece sikongopeka ayi. Pa bandi ya mamita 6 dziko la Malawi lili ndi mwayi womwe maiko ambiri olemera akhala akuusirira, ndipo ndi ochepa m'dziko muno omwe akuudziwa.

Kwa zaka zambiri mafunde a 50 MHz m'chigawo choyamba anali a wailesi za kanema zoyambirira, motero a amateur a ku Ulaya analibe gawo lawo m'malamulo a ITU. Ankadalira chifundo cha boma lililonse palokha. Koma ndime 5.169 ya malamulowo inapatula maiko angapo a kum'mwera kwa Africa, mwa iwo Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Lesotho ndi South Africa, ndi kunena kuti kumeneko mafunde onse oyambira pa 50 kufika pa 54 MHz ndi a amateur monga eni ake oyamba. Ndi mu 2019, pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, pomwe chigawo chonse chinapatsidwa 50 mpaka 52 MHz, ndipo ngakhale apo ambiri anapatsidwa ngati alendo oyenera kupatukira eni ake. Pa msonkhano womwewo Mozambique, Tanzania, Kenya ndi maiko ena analowa m'gulu la okhala ndi 50 mpaka 54 MHz monga eni ake oyamba. Kuyambira pamenepo maiko onse atatu ozungulira nyanja ya Malawi ali ndi gawo lofanana pa bandi imeneyi. Izi sizinagwe kumwamba. IARU ndi mabungwe ake anatha zaka zinayi akukonza kafukufuku ndi kukambirana ndi maboma, dziko ndi dziko.

Phindu la bandiyi kuno limachokera pa malo omwe dziko lino lili. Mzere wa pakati wa mphamvu ya maginito ya dziko lapansi umadutsa mu Africa kumpoto kwa equator, ndipo mbali zonse ziwiri za mzerewu thambo la ionosphere limakhuthala masana ndi madzulo. Funde lochokera kum'mwera limagunda mbali imodzi, n'kudumphira mbali inayo osakhudza pansi, kenako n'kutsikira kumpoto pa mtunda wofanana. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akuyang'anizana chotere ndi maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean monga Greece, Cyprus ndi Italy. Zotsatira zake n'zakuti siteshoni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi imatha kulankhula ndi Ulaya, mtunda wa makilomita oposa 5,000, pa mafunde omwe mabuku akale ankati sangapitirire pomwe maso alekera. Njirayi imatseguka kwambiri m'miyezi ya Malichi ndi Epulo komanso Sepitembala ndi Okutobala, makamaka m'zaka zomwe dzuwa lili pa ukali wake, zomwe zimabwera pakatha zaka pafupifupi 11 ndipo zinachitikanso cha mu 2024.

Zambiri zomwe zikudziwika pa nkhaniyi zinatulukira kudera lino. Ray Cracknell, yemwe ankaulutsa mawu kuchokera ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, pa dzina la ZE2JV, anagwira ntchito ndi anzake a ku Cyprus ndi Greece kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti ngakhale mafunde a 144 MHz amatha kuoloka motero. Kafukufuku wotere sangatheke ndi munthu mmodzi. Amafunika wina kum'mwera, wina kumpoto, onse atagwirizana malo ndi nthawi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Lero ogwirizanawo amadziwa kuti oitana maiko akutali amakumana pa 50.110 MHz, ndipo ogwiritsa ntchito kompyuta ndi njira ya FT8, yomwe inatulutsidwa mu 2017 ndi Joe Taylor ndi Steve Franke, amakumana pa 50.313 MHz. Alendo omwe amabwera ndi zipangizo zawo kudzaulutsa mawu kuchokera m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja amakopeka ndi kusowa kwa dzina la 7Q pa mafunde, pakuti pa dziko lonse alipo ambiri ofuna kulankhulako ndi Malawi.

Komatu munda wosalimidwa umakopa maso a anansi. Mu 2019 dziko la France linapereka ganizo loti mafunde a 144 mpaka 146 MHz aunikidwe ngati angagwiritsidwenso ntchito ndi ndege. Mabungwe a amateur a ku Ulaya anadandaula ku maboma awo mogwirizana, ndipo ganizolo linachotsedwa pa msonkhano wa maiko a Ulaya ku Ankara mu Ogasiti chaka chomwecho. Likanadutsa, likanakhudza chigawo chonse choyamba, Malawi ali momwemo, ngakhale palibe akanafunsa munthu wa ku Mangochi maganizo ake.

Pa bandi ya masentimita 23 zinthu zinatha mosiyana pang'ono. Kumeneko a amateur ndi alendo, ndipo eni ake ena ndi ma setilaiti olozera malo monga a Galileo a ku Ulaya. Msonkhano wa ku Dubai mu 2023 unavomereza kuti a amateur apitirize kugwiritsa ntchito bandiyo, koma maboma anapatsidwa malangizo, otchedwa M.2164, a momwe angachepetsere mphamvu za masiteshoni awo kuti asasokoneze makina olozera malo. Sikunali kupambana kotheratu, koma khomo silinatsekedwe. Mabandi ena ndi ogawana kale: pa 433 MHz pali timakiyi totsegulira galimoto, ndipo pa 2.4 GHz pali Wi-Fi ya m'nyumba ndi m'maofesi.

Pa mafunde apamwamba zedi ndi pomwe pachitika chinthu chomwe chingasinthe zinthu ku madera ngati Makanjira. Pa 15 Novembala 2018 dziko la Qatar linatumiza m'mlengalenga setilaiti ya Es'hail-2, yomwe inanyamulanso makina a amateur okonzedwa mogwirizana ndi bungwe la Qatar Amateur Radio Society ndi la AMSAT-DL la ku Germany. Makinawa, omwe amadziwika kuti QO-100, anatsegulidwa mu Febuluwale 2019. Setilaitiyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo imayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, motero kwa munthu wa pansi imaoneka ngati yangoima. Imalandira mawu pa 2.4 GHz, n'kuwabweza pa 10 GHz, ndipo imafika Africa yense, Ulaya, mbali ya Brazil mpaka ku Thailand. Wailesi yoyenera, dishi yonga ya wailesi ya kanema, batire ndi sola zimakwanira kuti munthu wachiphaso alankhule ndi Lilongwe, Maputo kapena Berlin popanda mlongoti wa lamya ngakhale umodzi. Popeza maiko ochuluka chotere akumwera chitsime chimodzi, ndondomeko yake ndi yokhwima: aliyense ali ndi malire a mphamvu, ndipo wopitirira muyeso amachenjezedwa ndi kulira kwa makina omwe onse amakumva.

Anthu a ku Mangochi safunika kuuzidwa mtengo wa uthenga wochedwa. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria pa boma pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera ndi kuononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe tsopano ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Pamalo pomwepo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe inamira pa 30 Julayi 1946 ndi kupha anthu 145. Masiku ano sitima zili ndi wailesi zawo za pa madzi, zomwe zimaitanirana pa 156.8 MHz, ndipo amenewo si mafunde a amateur. Koma mphepo ya mwera ikadali yomweyo, ndipo ngozi za pamtunda zawonjezeka.

Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anakhudza Mangochi pamodzi ndi maboma ena ambiri. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa m'chigawo cha kum'mwera. Pa ngozi zoterezi magetsi akazima, milongoti ya lamya imagwira ntchito mpaka pomwe mabatire ndi mafuta ake athera, ndipo misewu ikaduka palibe wokafikako kukathira ena. Anamondwe onsewa anakhudzanso Mozambique. Mvula yogwa ku Niassa kapena ku Zambezia siima pa Chiponde kapena pa Muloza.

Malamulo a ITU anakonzedwanso mu 2003 poganizira zoterezi. Ndime 25 tsopano imalola masiteshoni a amateur kutumiza mauthenga a anthu ena kudutsa malire a maiko pa nthawi ya ngozi, ndipo imalimbikitsa maboma kuwalola kukonzekera ntchito yotere. Chaka chomwecho lamulo lokakamiza aliyense kudziwa Morse asanapatsidwe chiphaso cha mafunde aatali linachotsedwa, zomwe zinapeputsa mayeso m'maiko ambiri. Ku South Africa bungwe la amateur lili ndi nthambi ya ngozi yotchedwa Hamnet yomwe imagwira ntchito ndi magulu opulumutsa anthu.

Sikuti wailesi za amateur zingalowe m'malo mwa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, apolisi kapena asilikali, omwe ali ndi njira zawo zolumikizirana. Zimangothandiza pomwe njira zina zaduka, ndipo zimathandiza pokhapokha ngati zonse zinakonzedweratu. Tsiku la chigumula si tsiku lofunsana kuti repeater ya tsidya lija ili pa nambala yanji, kapena kuti woyankha kumeneko amva Chichewa, Chiyao, Chingerezi kapena Chipwitikizi. Pa mfundo ya chilankhuloyi Mangochi ali ndi mwayi, popeza Chiyao ndi Chinyanja zimalankhulidwa mbali zonse ziwiri za malire. Chomwe chimafunika nthawi yaitali ndi kuphunzitsa anthu, kuwalembetsa mayeso, kupeza malo pa phiri ndi kugwirizana manambala ndi anansi. Chigawo choyamba cha IARU chili ndi ndondomeko yotchedwa STARS yothandiza maiko omwe a amateur ali ochepa, koma thandizo lotere limafuna gulu la eni dziko loti lililandire ndi kulisamala alendo akapita.

Pa misonkhano ya ITU bungwe la IARU limaloledwa kulankhula ndi kupereka zotsatira za kafukufuku, koma siliponya voti. Oponya voti ndi maboma okha. Choncho gawo la 50 mpaka 54 MHz lomwe dzina la Malawi linalembedwapo, komanso mabandi ena onse, zimatetezedwa ndi nthumwi za boma, zomwe nazo zimatengera zomwe zamva kwa ogwiritsa ntchito mafundewo kwawo. Zokonzekera msonkhano wa 2027 zinayambira ku Dubai komweko mu Disembala 2023, ndipo maganizo a dziko lino ayenera kudutsa ku MACRA, ku SADC ndi ku African Telecommunications Union asanakafike pa msonkhanowo.